Mpopi wa a Velika

Mpopi wa m'khitchini mwa a Nedyalko unayamba kudontha sabata yowotcha tsabola, nthawi ija tawuni yathu yonse imanunkha utsi ndipo pakhonde lililonse pamandanda mabotolo a zakudya odikira nyengo yachisanu. Poyamba linali dontho limodzi lamanyazi, to! kenaka zii, kenaka to! A Nedyalko sanatekeseke. Munthu amene wapanga mipopi zaka makumi atatu ndi zisanu saopsezedwa ndi dontho. Anatseka madzi kunsi kwa sinki, anamasula chogwirira, n'kusintha kalabala. Dontholo linapuma masiku awiri, tsiku lachitatu linabwerako litaitana abale ake.

Atamasulanso, anavala magalasi n'kupita nacho pawindo chitsulo cha m'kati mwa mpopi. Apo ndiye anaona vuto lenileni. Bauti yamkuwa ya m'kati, ija imatsitsa labala kuti madzi atsekeke, inali itadyeka mazinga. Labala si nkhani, ife tonse a m'badwo umenewo tinadulapo labala ku jombo yakutha kapena ku chubu cha njinga. Koma bauti suidula ku jombo. Ndipo bauti ya mtundu umenewo inasiya kupangidwa chaka chimene fakitale yathu ya mipopi inatsekedwa.

Wina anena kuti mpopi ndi mpopi, kagule wina. Ameneyo sanawaone a Velika.

A Velika, akazi a a Nedyalko, anali atadwala matenda oiwala kwa zaka zinayi. Zinayamba ndi tizinthu, mchere kawiri mumphika, makiyi m'firiji. Kenaka anaiwala kuyatsa mbaula, anaiwala mayina a zidzukulu, anaiwala kuti batani limalowa pabowo. Mayi amene kale ankaphikira ana mazana atatu kusukulu tsopano ankadikira kuti wina awaikire sipuni m'manja. Chinthu chimodzi chokha matendawo anali asanachipeze. M'mawa uliwonse a Velika ankapita pasinki, n'kupotokola mpopi katatu, n'kuika chala m'madzi kudikira kuti azizire, pakuti madzi athu amachokera kuphiri ndipo oyambirira amatuluka ofunda ndi mapaipi. Akazizira ankadzaza jagi, n'kuiika patebulo, n'kubwerera kukatseka mpopi ndi mphamvu zawo zonse. Kutseka kumeneko ndiko kunadya mazinga, koma a Nedyalko sakanawaletsa. Akaika jagi ija patebulo, nkhope yawo inkakhala ya mayi amene ali pakhomo pake.

Mwana wawo Rumyana, amene amakhala ku Sofia, likulu la dziko lathu, anabwera pa Pasaka ndi mpopi wamakono, wa kachitsulo kamodzi kongotukula ndi chala. Unkawala kuti waliwali, chikomekome cha mkuyu. M'mawa mwake a Velika anaugwira n'kuyamba kuupotokola, mpopi ukukana, akuupotokola, ukukana. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka anapukuta manja n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani, ndalowa m'nyumba ya eni." Anavala chikhoti kuti azipita kwawo. Masiku atatu anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chikhoti chili m'thupi, akukana ngakhale kumwa madzi, akungofunsa kuti basi ibwera nthawi yanji. Tsiku lachinayi a Nedyalko anakatenga mpopi wakale pakhonde n'kuubwezera. A Velika anadzaza jagi n'kuvula chikhoti.

Rumyana sanatsutse. Koma asanakwere sitima anawakokera bambo ake pambali n'kuwauza kuti kufupi ndi Sofia kuli nyumba yosamalira okalamba, yaukhondo, anamwino ake aulemu.

"Atate, ine sindikukukakamizani," anatero. "Pamene amayi akudziwa kuti pano ndi pawo, akhale. Koma tsiku limene adzasiye kudziwa, palibe chimene mudzakhale mukuwasungira pano, ndipo inuyo mudzagwa nawo limodzi. Tigwirizane zimenezo."

A Nedyalko anavomera, chifukwa mwanayo ankanena zoona, ndipo iwo zoona sankatha kuzikana. Ndiwo anali matenda awo iwowo kuyambira unyamata. Tsopano pangano lonselo linali litakoleka pa kabauti kotalika ngati chala.

Anaibwezera bauti yakuthayo mongonamizira, ataikulunga tiulusi kuti igwireko. Ankadziwa kuti ikapirira kwambiri ndi sabata imodzi. Ndiye anawaveka a Velika mpango, popeza sakanawasiya okha, n'kutsika nawo masitepe a nsanjika zinayi pang'onopang'ono. Chitsanzo sananyamule. Miyeso ya bautiyo anali nayo m'mutu kuposa tsiku lobadwa la Rumyana.

M'sitolo ya zitsulo ya pamsewu waukulu, mayi wogulitsa anawamvetsera akutafuna chingamu.

"Madala, zimenezo n'za nthawi ya agogo anga. Bwanji osangotenga watsopano? Awa ndi otchipa, awo ndi a ku Italy."

"Sindikufuna mpopi, mwanawe. Ndikufuna bauti."

"Mabauti alipo, koma a masiku ano." Anakhuthula kabokosi pakauntala.

A Nedyalko anatola imodzi n'kuiyesa kulemera m'dzanja. Inali yaifupi, mazinga ake aang'ono, mtundu wachikasu wongopaka pamwamba.

"Ichi ndi chitsulo kapena bisiketi?"

"Ndi chimene chilipo, madala. Mutenga?"

Sanatenge. Loweruka anapita kumsika wa kumbuyo kwa siteshoni, kumene okalamba amayala manyuzipepala pansi n'kuikapo moyo wawo wonse, maloko opanda makiyi, mamendulo, mawotchi oima. Kumeneko anapeza a Minko, amene kale ankalongedza mipopi m'mabokosi, atakhala pa ndowa yovundikira.

"Mwachedwa ndi zaka makumi awiri, a kapitawo," anatero a Minko. "Fakitale itatsekedwa, mkuwa wonse tinakapimitsa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Mumati tidye chiyani, mazinga? Amene sanagulitse ndi mmodzi yekha m'tawuni muno." Anaseka n'kuonetsa mano atatu amene anatsala. "Ndipo inu mukumudziwa bwino. Pitani kwa akumu anu."

Apa mpofunika kunena za a Gancho, akumu amene a Minko ankanenawo, ngakhale kuti kwathu kuno nkhaniyi ndi agalu omwe akuidziwa.

Masiku amenewo aliyense ankatulutsa kanthu kufakitale. Sitinkati kuba, tinkati kutengera kunyumba. Pamakoma analemba ndi zilembo zofiira kuti fakitale ndi ya anthu ogwira ntchito, ndiye ife tinangokhulupirira. M'masitolo munalibe kanthu, koma ukakhala ndi mabauti awiri m'thumba, wa kubutchala ankakusungira nyama yopanda mafupa, ndipo dokotala wa mano ankakuona tsiku lomwelo. Wina ankatulutsa m'sokosi, wina m'chipewa. A Gancho ankagula buledi wamkulu, n'kudya zam'kati pa nkhomaliro, n'kudzazamo mkuwa. M'fakitale ya anthu zikwi ziwiri, munthu mmodzi yekha sanatulutsepo ngakhale kanati, ndiye a Nedyalko. Ankanyada nazo, ndipo kunena zoona kunyada kwawoko kunkatitopetsa.

A Gancho ndiwo anali mboni ya ukwati wa a Nedyalko ndi a Velika, amene timati akumu. Akumu amaposa m'bale wa bere limodzi. Ndiwo anatcha Rumyana dzina, ndiwo ankakhala kumutu kwa tebulo pa chikondwerero chilichonse. Chaka cha 1984 buledi wa a Gancho anang'ambika pageti, mkuwa n'kumwazika pasimenti pamaso pa alendo ochokera ku likulu. Panachitika msonkhano. A Gancho anati kanali koyamba, ndipo tonse tinaweramitsa mitu kuvomereza bodzalo monga mwa mwambo. Ndiye wapampando anafunsa kapitawo wa a Gancho, yemwe anali a Nedyalko. A Nedyalko akanatha kutsokomola, akanatha kunena kuti iwo amayang'ana makina osati matumba a anthu. Koma anaimirira n'kunena kuti si koyamba ayi, ndi Lachisanu lililonse.

A Gancho sanamangidwe. Anangowafufuta pa mndandanda wa olandira nyumba zatsopano, atadikira zaka zisanu ndi zinayi. Anatsala m'kanyumba ka makolo kumapeto kwa tawuni, madzi panja, chimbudzi panja. Kuyambira tsiku limenelo anthu awiriwa sanapatsanenso moni. Akazi a a Gancho, a Kera, atamwalira, a Nedyalko anavala suti, anayenda mpaka pageti la manda, n'kubwerera.

Atachoka kumsika kuja, a Nedyalko anazungulirazungulira m'khitchini masiku awiri akudziuza kuti njira ina ilipo. Anaganiza zosula okha, koma makina ake anali atagulitsidwa kalekale, ndipo m'nyumba imene munali makinawo tsopano amasungiramo matayala. Lachiwiri m'mawa a Velika anadzaza jagi n'kupotokola kuti atseke. Chogwirira chinangozungulira, madzi osaleka. Anayang'ana dzanja lawo, kenaka anayang'ana kuchitseko kumene kunakoleka chikhoti. A Nedyalko anagwada msanga, mawondo akulira, n'kutseka madzi kunsi.

"Waona, Vela? Watseka."

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anatulutsa botolo la rakiya, kachasu wathu wa mapulamu, limene ankasungira alendo, n'kukwera ndi a Velika basi yopita kumapeto.

A Gancho anawapeza pansi pa mpesa, atakhala pa kampando, akusenda tsabola wowotcha m'beseni. Anali atafupika n'kunenepa, koma maso anali omwe aja, a munthu amene akufuna poyambira kuseka. Anaona alendo pageti, anaika tsabola pansi, koma sanaimirire.

"Ee, taonani! Chilungamo chakwera basi."

"Moni, akumu."

"Akumu ake ati? Ine ndine wa Lachisanu lililonse. Mwasochera, a kapitawo, kupolisi ndi uko."

A Nedyalko anaonetsa botolo pamwamba pa geti. A Gancho analiyang'ana ndi diso limodzi.

"Limenelo lili ndi chikalata? Ine sindilandira katundu wosadziwika kochokera."

"Ndikufuna bauti ya mpopi wopotokola, ya theka la inchi," anatero a Nedyalko, mawu akutuluka ouma. "Imodzi."

A Gancho anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kupukuta misozi ndi mkono poopa tsabola wa m'zala.

"Tanenaninso, khutu ili linagontha ndi makina. Mukufuna chiyani? Katundu wakuba? Inuyo? Amayi ine! Zaka makumi atatu ndakhala ndikupempha Mulungu kuti andisunge kufikira tsiku ili, pamene ine n'kutchalitchi komwe sindipita."

"Seka, palibe wokuletsa."

"Ndiseka kumene." Koma kusekako kunali kutatha. "Kera wanga ananyamula ndowa zaka makumi awiri. M'chisanu ankaswa madzi oundana ndi nkhwangwa, m'nyumba yodzaza ndi mabauti a mipopi. Inu mukungopotokola m'khitchini yofunda, manja oyera, mtima woyera. Lero mpopi wa angelo wadontha?"

A Nedyalko anaima ndi botolo lawo, ndipo akanakhala okha akanabwerera monga anabwererera kumanda kuja.

Koma a Velika, amene nthawi yonseyi ankayang'ana mphesa, anasiya mkono wa amuna awo. Anagwira geti n'kulitukula pang'ono asanalikankhe, chifukwa geti limenelo linkakhula pansi kuyambira kale, ndipo manja awo ankadziwa. Analowa akumwetulira.

"Akumu! Mwasowatu inu. Taonani mimba, Kera akukudyetsani chiyani?"

Anawerama n'kupsompsona dzanja la a Gancho, la tsabola lomwelo, monga amachitira mkwatibwi kwa akumu ake. A Gancho anaimirira mosadziwa, beseni n'kupendekeka.

"Kera ali kuti?" anafunsa a Velika akusuzumira kukhomo. "Anati andibwereka pepala lodulira diresi. Ndabwera kudzatenga."

A Gancho anali atamva kuti a Velika akudwala, koma kumva si kuona. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa a Nedyalko, ndipo nkhope inaumanso.

"A kapitawo, mwamva funso. Kera ali kuti? Awuzeni inuyo. Paja inu simunama."

A Velika anatembenuka kudikira yankho, maso ali mbee ngati a mwana.

"Wapita kumsika, Vela," anatero a Nedyalko. "Abwera posachedwa. Khala pansi umudikire."

"Kera ndi misika!" anaseka a Velika, n'kukhala pa kampando kaja.

A Gancho anayandikira pageti n'kufunsa motsitsa mawu, "N'koyamba?"

"Ayi. Tsiku lililonse. Amayi ake ali kumunda, atate ake ali kusitima, fakitale ikugwira ntchito. Ndimanama kuyambira m'mawa mpaka pogona."

A Gancho anapumira m'mwamba. Analanda botolo lija, anathyola phava la mphesa n'kuwaikira a Velika pamiyendo.

"Idyani, Vela, muzimudikira mnzanuyo. Ife tikaone kanthu kushedi." Kenaka kwa a Nedyalko, "Lowa iwe. Ukuima pamenepo ngati wobweretsa samani."

Shediyo inali kuseri kwa nyumba, pamalo poti ukasiya chitseko chotsegula umamuona munthu wa pansi pa mpesa. M'katimo munali mashelefu mpaka kudenga, ndipo pa mashelefupo panali mabotolo aakulu, omwe aja timasungiramo nkhaka. Koma m'malo mwa nkhaka munali mkuwa, utamizidwa m'mafuta, botolo lililonse lili ndi kapepala ka chaka chake. Fungo la mafutawo linawamenya a Nedyalko pamphuno, ndipo mwadzidzidzi anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Anamva belu la sikisi koloko, njinga mazanamazana zikutsika pamlatho, makina akuyamba kung'ung'udza mmodzimmodzi mpaka pansi pakugwedezeka. Anakumbukira tiziduswa tamkuwa totuluka pa makina, topotana, totentha, timene tinkakakamira m'tsitsi, ndi Velika akuwadikira pageti Loweruka masana atavala diresi lachikasu, akuwatola tiziduswato m'mutu n'kumati wakwatiwa ndi munthu wagolide. Tawuni yonse inkadzuka ndi belu limodzi nthawi imeneyo. Tinkadandaula, tinkatukwana mabwana chamumtima, koma tinkadziwa kumene tikupita m'mawa. A Nedyalko anayendetsa chala pa timapepala ta zaka tija.

"Bwanji sunagulitse ngati anzako?" anafunsa.

"Ndikapimitse pa sikelo zinthu zimene zinandidyera nyumba? Ndine wakuba, koma sindine chitsiru." A Gancho anatsitsa botolo la 1981, anapisamo dzanja n'kutulutsa bauti ikudontha mafuta. "Tayang'ana."

A Nedyalko anaipukuta ndi mpango n'kupita nayo pakhomo powala. Anayendetsa chikhadabo m'mazinga. Anali akuthwa ngati asulidwa dzulo. Kumutu kwake kunali kachizindikiro ka makina a nambala seveni.

"Iyi ndi yanga."

"Nanga ikhale ya ndani? Ine ndinkatenga zako zokha. Za enawo zinkadontha, zikanandichotsera ulemu kwa makasitomala."

A Nedyalko anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka kwenikweni. A Gancho anapeza timatambula tiwiri pakati pa misomali, anatipukuta ndi malaya n'kuthiramo rakiya. Anamwa chiimire.

"Pa maliro a Kera ndinafika pageti," anatero a Nedyalko.

"Ndinakuona. Suti yako yabulauni ija imaonekera kutali ngati ng'ombe."

"Ndinalakwa, akumu."

"Liti? Pamsonkhano kapena kumanda?"

"Konsekonse."

A Gancho anazunguza tambula m'dzanja. "Pamsonkhano paja unali chitsiru, koma unali chitsiru chomwe ndinkachidziwa. Ndikanakutukwana chaka chimodzi, ziwiri, basi. Iwe sunabwere kuti ndidzakutukwane, ndicho chinandiwawa. Kumanda ndiye usanene. Kera ankafunsa za Vela mpaka sabata yomaliza." Anameza zotsala. "Tenga botolo lonseli la mabauti."

"Imodzi yokha."

"Tenga zisanu. Vela ndimamudziwa, amatseka mpopi ngati akupha nkhuku."

"Yoyamba yapirira zaka makumi atatu, akumu. Ife sitikufunanso zochuluka choncho."

A Gancho anatuluka, analowa m'nyumba, n'kubwerako ndi buledi. Anamuboola ndi chala, anakankhiramo bauti ija n'kutsekapo ndi nyenyeswa.

"Ituluke monga inalowera. Nyamula bwino, a kapitawo, pageti panga palibe wofufuza." Anawakankhira buledi m'khwapa. "Lamlungu ndibwera kudzaona ngati ukudziwabe kumanga mpopi. Masitepe ako aja ndi angati?"

"Makumi asanu ndi limodzi ndi anayi."

"Ndiye nyumba imene ndinkalilira imeneyo? Mulungu amadziwa kubwezera."

Potsanzikana a Velika anati amuuze Kera kuti abweranso mawa. A Gancho anati amuuza, ndipo anaima pageti mpaka basi inakhota.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pawindo la khitchini. A Nedyalko anawakhazika a Velika pampando, anavula jekete n'kuyala zida pa nyuzipepala. Sanafulumire. Anachotsa chogwirira, anakulunga sipanala ndi kansalu kuti isakande mpopi, n'kumasula bauti yakutha. Anapukuta m'kati pokhala labala, n'kupapasa ndi chala ngati pali posweka. Panalibe. Anatulutsa bauti yatsopano m'buledi, anaitsuka nyenyeswa ndi mafuta, anaiveka labala n'kumanga kanati kake. Itafika m'malo mwake, inalowa yokha ndi zala, mosakakamiza, monga zimalowera zinthu zimene zinapangidwira pamodzi. Anakhwimitsa, anabwezera chogwirira, n'kugwada kutsegula madzi kunsi. Mapaipi anatsokomola kamodzi. A Nedyalko anaika dzanja louma kunsi kwa mpopi n'kudikira nthawi yaitali. Dzanja linakhalabe louma.

"Vela, tabwera uyese."

A Velika anaimirira n'kufika pasinki. Anapotokola katatu. Anaika chala m'madzi, kudikira, mutu utapendekeka. Anadzaza jagi, anaiika patebulo, n'kubwerera kukatseka ndi mphamvu zawo zonse. Chogwirira chinaima nji. Madzi anatha, ndipo m'khitchini munakhala bata limene munalibe kwa masabata awiri.

Koma sanakhale pansi. Anatsegula kabati ya pamwamba, imene anali asanaikhudze zaka ziwiri, n'kutsitsa thireyi ndi kambale kagalasi. Anapeza botolo la jamu wa nkhuyu, anapeza ndi kasipuni komwe m'dirowa yake yeniyeni. Anatapa jamu, anathira madzi a m'jagi m'tambula, n'kukonza zonse pathireyi monga mayi aliyense wa kwathu kuno amachitira polandira mlendo. A Nedyalko ankangoyang'ana, sipanala ili m'manja. Ankaganiza zomuimbira foni Rumyana madzulo omwewo.

A Velika anawabweretsera thireyi n'kuwerama pang'ono.

"Khalani pansi, amisiri, mwatopa. Lawani jamu, ndinaphika ndekha. Ntchito mwagwira bwino, manja anu ndi odala."

A Nedyalko anakhala pansi. Anayang'ana nkhope ya mkazi amene anakhala naye zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, kufunafuna ngati akuseka. Sankaseka. Inali nkhope yaulemu, yokoma, imene ankaonetsa wa positi ndi dokotala. Kabati ankaidziwa, dirowa ankaidziwa, nyumba yonse inali yawo, ndipo pa pangano la Rumyana palibe amene akanawachotsa. Za kudziwa mwamuna wa m'nyumbamo iwo ndi Rumyana sanapangane.

"Koma ndikupempheni kanthu kamodzi," anatero a Velika akutsitsa mawu, maso ali kuchitseko. "Amuna anga abwera posachedwa kuchokera kufakitale. Mukakumana nawo pamasitepe, musawauze kuti ndinaitana munthu. Zonse za m'nyumba muno amakonza okha. Angamve chisoni."

A Nedyalko anaika sipanala pansi pa mpando, pamene sinkaoneka. Ananyamula tambula ndi manja awiri kuti madzi asatayike.

"Sindiwauza, mayi," anatero, n'kumwa.